Mphika Umodzi, Matumba Awiri

Pa tsiku la ukwati akulu amakonda kulangiza mnyamata ndi namwali kuti kuyambira tsikulo iwo sali awirinso ai, koma thupi limodzi, ndi kuti mphika wao ndi umodzi. Mau amenewa ndi okoma, ndipo palibe munthu waulemu amene angafune kuwatsutsa pamaso pa ankhoswe. Koma ankhoswe omwewo, akaitanidwa kudzaweruza mlandu patapita zaka ziwiri kapena zitatu, kawirikawiri amapeza kuti cimene cautsa mkangano ndico ndarama. Mwamuna ati mkazi aononga, mkazi ati mwamuna abisa malipiro ace. Mphika ndi umodzidi, koma matumba ali awiri. Mnyamata kapena mtsikana amene watsiriza sukulu, amene posacedwa adzalandira malipiro ace oyamba ndi kumanga banja, acita bwino kudziwa zimene anthu ophunzira anapeza pofufuza nkhani imeneyi m'maiko osauka.

Kwa nthawi yaitali akatswiri a za cuma anali kuganiza monga alangizi a paukwati. Gary Becker, mphunzitsi wochuka wa ku University of Chicago, m'buku lace la 1981 lonena za banja, anaonetsa m'mene banja lingayendere monga munthu mmodzi wa thumba limodzi, ngati mutu wa banjalo uli wokonda onse a m'nyumba. Ngati ziridi conco, ndiye kuti palibe kusiyana kaya ndarama zalowa m'dzanja la bambo kaya la mai, pakuti zidzagula zinthu zomwezo. Maganizo amenewa anali osavuta powerengera, ndipo maboma ambiri pofuna kuthandiza ana anali kungopereka thandizo kwa mwini nyumba. Koma kunali ena amene anakayika, nafuna kuona ndi maso ao.

Mpata wabwino woonera unapezeka ku South Africa. Pamene ulamuliro wa tsankho unali kutha, boma la kumeneko linakweza penshoni ya nkhalamba zakuda kufikira inalingana ndi ya azungu. M'caka ca 1993 nkhalamba inali kulandira marandi 370 pa mwezi, ndarama zocuruka pafupifupi kawiri kuposa zimene munthu wamba wa kumudzi anali kupeza. Akazi anali kuyamba kulandira akafika zaka 60, amuna zaka 65. Tsono popeza ana ang'ono ambiri anali kukhala m'nyumba imodzi ndi agogo ao, zinali zotheka kuyerekeza nyumba imene munalowa ndarama kudzera mwa agogo akazi ndi nyumba imene zinalowa kudzera mwa agogo amuna. Nchito imeneyi anaigwira Esther Duflo, mai wa ku France amene pambuyo pace analandira mphotho ya Nobel mu 2019. Iye sanafunse nkhalambazo kuti ndarama zapita kuti, pakuti munthu aliyense amadziwa yankho lokondweretsa wofunsa. Anangotenga miyeso ya kulemera ndi msinkhu wa ana. Zimene anapeza anazisindikiza mu 2003: m'nyumba zimene penshoni inalowa m'dzanja la agogo akazi, adzukulu acitsikana ananenepa ndi kukula msinkhu moonekeratu, kwa adzukulu acimuna kusintha kunali kocepa, ndipo m'nyumba zimene inalowa m'dzanja la agogo amuna, panalibe kusintha kooneka pa mwana aliyense.

Cimene cingadabwitse Mcewa kwambiri ndi cakuti phindu limenelo linaoneka makamaka pamene wolandira penshoni anali agogo obala amai a mwanayo. Anthu a kwa Undi, amene amawerenga mbumba kutsata kucikazi, angamwetulire pomva kuti sikelo ya ku South Africa inaloza komweko. Koma m'pofunika kusamala. Sikelo inaonetsa kuti ana akula, koma sinanene cifukwa cace agogo akazi anakondera atsikana, ndipo munthu amene atamanda agogowo aiwala mdzukulu wamwamuna amene sanapindule kwenikweni.

Kusiyana kwa matumba kumafika ndi kumunda komwe. Christopher Udry anasanthula ziwerengero za minda ya ku Burkina Faso za m'zaka za m'ma 1980, kumene mwamuna ali ndi munda wace ndi mkazi wace-wace, nalemba zotsatira mu 1996. Poyerekeza minda ya banja limodzi, ya mbeu imodzimodzi, m'caka cimodzimodzi, anapeza kuti munda wa mkazi unali kubala mocepa ndi magawo 30 pa 100 alionse. Cifukwa sicinali ulesi wa akazi. Manyowa pafupifupi onse anali kupita ku munda wa mwamuna, ndi manja ambiri olima anali kupitanso komweko. Mlimi aliyense adziwa kuti dengu loyamba la manyowa limapindula koposa dengu lakhumi pa munda womwewo. Kotero kuunjika manyowa pa munda umodzi ndi kusiya wina uli gwa ndiko kutaya cakudya. Udry anawerengera kuti banja lotere linali kutaya magawo 6 pa 100 a zokolola zace caka ndi caka, popanda dzombe kapena cilala, koma cifukwa ca kusagawana bwino kokha. Nthanga sita mlimi wa m'nyumba yomweyo akamana mnzace manyowa, ndipo njala ikafika mu February sisankha kuti munda wocepa unali wa yani.

Nkhani imene inazunguza ofufuza koposa zonse inacokera ku Sri Lanka. Mu 2005 Suresh de Mel, David McKenzie ndi Christopher Woodruff anapatsa eni timalonda ting'onoting'ono mphatso ya mpamba, ena marupiya 10,000, ena 20,000, posankha mwa maere, natsatira mabuku ao kwa zaka zingapo. Malonda a amuna anapindula kwambiri. Malonda a akazi, powatenga onse pamodzi, sanapindule kanthu. Zofanana nazo zinaonekanso ku Ghana pamene akazi anapatsidwa ndarama m'manja. Anthu ena anafulumira kunena kuti akazi sadziwa malonda, ndipo mau otere akadakhazikika, mabanki akadapeza cifukwa cokanira akazi ngongole. Koma mu 2019 Arielle Bernhardt, Erica Field, Rohini Pande ndi Natalia Rigol anabwerera ku ziwerengero zomwezo, pamodzi ndi zina za ku India, nafunsa funso limene oyamba aja sanalifunse: kodi m'nyumba ya mkaziyu muli malonda ena? Pamenepo cinsinsi cinaululika. Mkazi amene anali yekha wamalonda m'nyumba mwace anapindula bwino ndithu. Mkazi amene mwamuna wace anali ndi malonda ace-ace ndiye amene sanaonetse phindu, cifukwa mpamba wace unali kulowa m'malonda a mwamunayo. Ndarama sizinatayike ai. Ofufuza anali kuziyang'ana m'thumba lolakwika.

Mai aliyense wogulitsa tomato ndi kapenta pamsika wa Soweto ku Lusaka kapena wa Kapata ku Chipata akadatha kuwauza zimenezi popanda kuwerengera. Iye adziwa cifukwa cace amamanga ndarama pa mfundo ya citenje, ndi cifukwa cace amalowa cilimba ndi anzace. Ndarama ya cilimba iri ndi ubwino umodzi waukuru: mwamuna kapena mlamu akaipempha, mai angayankhe moona kuti ndarama ziri kwa anzace ndipo tsiku lace silinafike. Ku Uganda Emma Riley anayesa cinthu cofanana ndi ici pa akazi 3,000 amene anali kutenga ngongole ku bungwe la BRAC. Ena analandira ngongole yao m'manja monga mwa masiku onse, ena anailandira pa foni, m'akaunti yodziwa mwini yekha. Itapita miyezi 8, amene analandira pa foni anali ndi phindu loposa la anzao ndi magawo 15 pa 100, ndi mpamba woposa ndi magawo 11 pa 100. Amene anapindula koposa ndiwo aja amene poyamba ananena kuti a m'nyumba amawaumiriza kugawa ndarama. Akale anati fodya wako ndiye ali pamphuno, wa pacala ngwa mphepo. Ndarama ya m'manja imene aliyense waiona ikulowa pakhomo iri ngati fodya wa pacala.

Mnyamata wowerenga nkhani izi angadandaule kuti zonse zikuneneza amuna. Ayenera kumva za ku Philippines, kumene mwambo wa mabanja ambiri ndi wakuti mwamuna apereke malipiro ace kwa mkazi, ndipo mkazi ndiye asunga thumba. Kumeneko Nava Ashraf anaitana mabanja 146 ku banki ina ya pa cisumbu ca Mindanao, napatsa mwamuna ndi mkazi ndarama, aliyense zace, kuti asankhe pozisunga. Zimene anasindikiza mu 2009 ndi izi: amuna ambiri, podziwa kuti akazi ao sadzamva, anaika ndaramazo m'akaunti yao-yao, pouzidwa kuti ayambe akambirana ndi akazi ao, ambiri anaziika m'akaunti ya mkazi. Koma akazi amene amuna ao ndiwo anali kulamulira cuma ca m'nyumba anacita cimodzimodzi monga amuna aja. Wobisa ndiye amene alibe mau pa thumba, kaya abvala kabudula kaya citenje.

Kampani yaikuru nayo ndi nyumba ya matumba ambiri. Anthu zikwizikwi amagula masheya, koma oyendetsa ndi owerengeka, ndipo ku India kawirikawiri amakhala a banja limodzi lokhala ndi makampani angapo. Mu 2002 Marianne Bertrand, Paras Mehta ndi Sendhil Mullainathan anaonetsa kuti m'magulu a makampani otere phindu linali kucoka mwakacetecete m'kampani imene banjalo liri ndi gawo locepa, ndi kukaturukira m'kampani imene liri ndi gawo lalikuru. Ndi manyowa a ku Burkina Faso omwe aja, kungoti tsopano abvala suti. Mu 2013 India anakhazikitsa lamulo lakuti makampani akuluakulu akhale ndi mkazi mmodzi kapena oposa pa bungwe la oyang'anira. Pofika tsiku lomariza, 1 April 2015, makampani ambiri anali atakwaniritsa lamulolo mwa kuika pampando mkazi wa mwini kampani, kapena mwana wace, kapena mlongo wace. Ena a akazi amenewa anali odziwadi nchito, koma munthu amene adya mbale imodzi ndi wapampando sangafunse momasuka kuti phindu lapita kuti. Boma linaona msampha umenewu, ndipo bungwe loyang'anira msika wa masheya linalamula kuti makampani 500 oyamba akhale ndi mkazi wosakhala wacibale kapena wanchito wa eni ace pofika April 2019, ndi makampani 1,000 oyamba pofika April 2020.

Nava Ashraf yemwe uja anagwiranso nchito ku Lusaka. Mu 2013 iye ndi Natalie Bau, Corinne Low ndi Kathleen McGinn anatenga atsikana oposa 2,000 a Grade 8 m'masukulu 41, nawagawa mwa maere. Gulu limodzi silinapatsidwe ndarama kapena mabuku, koma linaphunzitsidwa kwa masabata awiri kakambidwe ka nkhani ndi munthu wamkulu: kusankha nthawi yabwino, kufuna kudziwa cimene ciri kuseri kwa "iai" wa kholo, ndi kupereka njira imene ingakomere onse awiri. Mtsikana wouzidwa kuti fizi palibe anaphunzira kufunsa mwaulemu kuti ndarama zimapezeka mwezi uti, ndi kuti iye angagwire nchito yanji panyumba kuti amai apeze mpata wokhala pamsika. Ofufuzawo anatsatira atsikanawa zaka zitatu, nasindikiza mu 2020 kuti ophunzitsidwa aja anapitiriza sukulu mocuruka kuposa anzao. Nthawi imeneyo makolo anali kulipira fizi kuyambira Grade 8, ndipo pamenepo ndi pamene atsikana ambiri anali kutsalira. Mu January 2022 boma la Zambia linacotsa fizi m'masukulu a boma kufikira Grade 12, koma yunifomu, nsapato, makope ndi ndarama ya basi zikali kucokera m'matumba awiri omwe aja.