Kachivindikiro ka pa Gudumu

Atate anga adali ndi Land Rover yakale imene tinkatutira mabelo a fodya kumunda kwathu, kufupi ndi Chamama. Tsiku lina m'mwezi wa June, ndikuyendetsa ndine, ndidagunda chitsa chobisika m'udzu, ndipo kachivindikiro ka pakati pa gudumu lakutsogolo kadang'ambika. Poopa kudzudzulidwa, ndidakamanga ndi legeni, n'kukhala chete.

Ntchito ya kachivindikiroko sindinkaidziŵa. Kamatsekereza girizi kuti asatuluke, ndi fumbi kuti lisaloŵe ku mabeyaringi amene gudumu limazungulirapo. Tsono fumbi la ku Kasungu ndi mchenga weniweni. Likasakanizika ndi girizi limapera chitsulo monga mphero iperera maŵere.

Patapita milungu itatu, nthaŵi ya mlongo wanga yoti achire idakwana pakati pa usiku. Tili pa ulendo wa kuchipatala cha ku boma, gudumu lija lidayamba kulira, lidatentha, galimoto n'kuima m'thengo. Atate adaunika ndi tochi, naona legeni uja. Adangofunsa motsitsa mawu kuti, "Mwana wanga, udandibisiranji?"

Munthu wina wachifundo adatinyamula pa ngolo ya ng'ombe, ndipo mwana adabadwa wamoyo mbandakucha.

Achinyamata anzanga, mukaononga kanthu ululani tsiku lomwelo, pakuti mlandu suola. Kwa inu makolo ndikusiyirani funso limene atate adandifunsa m'maŵa mwake, tikumasula gudumu lija: "Kodi ine ndimaopsa chotero?"