Mboni Yosaiwala

Pakati pa masewera onse amene ana a sukulu amasewera pa foni masiku ano, alipo a mtundu wina amene ine ndimawakonda koposa, ndiwo masewera otsata kugunda kwa nyimbo. M'masewera amenewa mulibe mdani womuombera, mulibenso mpira woumenya. Nyimbo imalira, timadontho timatsetsereka pa galasi la foni, ndipo nchito ya wosewera ndiyo kugunda kadontho kali konse ndi cala pa nthawi yeniyeni imene kafika pa mzere. Nyimbo ikatha makina amakuuza malikisi ako. Cimene ndifuna kukamba nanu, anzanga, ndico cizolowezi canga colemba malikisi amenewa, pakuti ena a inu mwakhala mukundifunsa kuti, "Kodi munthu nkumalemba malikisi a masewera ngati ndi mayeso a boma?"

Tiyambe taona kumene masewerawa anacokera. Dziko limene linawachukitsa ndi Japan. M'caka ca 1997 kampani ya Konami inaturutsa makina ochedwa Beatmania, okhala ndi mabatani 5 ndi mbale yozunguza ndi dzanja. M'caka ca 1998 kampani yomweyo inaturutsa Dance Dance Revolution, m'mene wosewera amabvina naponda mibvi 4 yojambulidwa pansi. M'caka ca 2001 kampani ya Namco nayo inadza ndi Taiko no Tatsujin, masewera a ng'oma yoombedwa ndi timitengo tiwiri. Kadontho kofiira katanthauza kuomba pakati pa ng'oma, kobiriwira ngati thambo katanthauza kuomba m'mphepete. Onsewa anali makina akuluakulu oima m'nyumba za masewera, oti munthu aponyemo ndalama kuti asewere. Pambuyo pace a Konami anapanga kakhadi kochedwa e-amusement pass, kuti makina azimzindikira wosewera ndi kumsungira malikisi ace, ngakhale akasewere mu mzinda wina. Apa tiona kuti njala yosunga malikisi siinayambe ndi ine ai.

Ine makina amenewo ndimangowaona pa zithunzi. Masewera anga ndi Arcaea, amene anaturuka m'caka ca 2017 kucokera ku kampani yochedwa lowiro, ndipo amaseweredwa pa foni. Popeza kuno ku sukulu lamulo sililola foni, ndimasewera pa chuthi pokha, pa foni ya acimwene anga iwo akaweruka ku nchito. Kawerengedwe ka malikisi ace nkotere. Nyimbo iri yonse iri ndi malikisi 10,000,000, ogawidwa mofanana pa timadontho tace tonse. Ukagunda pa nthawi yace makina amalemba Pure, nakupatsa gawo lonse la kadonthoko; ukafulumira kapena kucedwa pang'ono amalemba Far, nakupatsa theka; ukaphonya amalemba Lost, ndipo supata kanthu. Pamwamba pa izi amaonjezapo 1 pa kadontho kali konse kogundidwa bwino kopambana. Tinene kuti nyimbo iri ndi timadontho 1,000. Kamodzi mtengo wace ndi 10,000. Kuti munthu alandire cizindikiro ca EX ayenera kufika pa 9,800,000, ndiye kuti saloledwa kutaya koposa 200,000. Wodziwa samu aona yekha kuti akaphonya timadontho toposa 20 pa 1,000, kapena akapata ma Far oposa 40, EX yamthawa.

Tsono bvuto lace nali. Pa nyimbo iri yonse makina amakuonetsa malikisi ako opambana okha. A masiku ena amene unagwa amazimirira. Ali ngati bwenzi losyasyalika limene limangokukumbutsa tsiku lija unapha gwape, osachula masiku ambiri amene unabwerako cimanjamanja. Mtima wa munthu nawonso suli mboni yokhulupirika: ukakondwa umakumbukira zopambana zokha, ukakhumudwa umakumbukira zolephera zokha. Cifukwa cace acimwene anandiikira kapulogalamu kena pa foni, kamene nchito yace nkusunga malikisi basi. Nyimbo ikatha ndimalembamo tsiku, dzina la nyimbo, msinkhu wa kubvuta kwace, kaya ndi Past, Present kapena Future, malikisi ace, ndi kucuruka kwa ma Pure, ma Far ndi ma Lost. Pansi pace pali malo a mau ocepa, monga akuti "ndinali ndi tulo" kapena "zala zinazizidwa". Zonsezi sizitha ndi mphindi imodzi yomwe. Kapulogalamuko kamatenga manambalawo nkujambula mzere wokwera ndi kutsika, wonga umene timajambula m'phunziro la samu.

Cinthu coyamba cimene mzerewo unandiphunzitsa ndi cakuti luso limakula ngati cimanga: ukacipenyetsetsa tsiku limodzi suona kanthu, koma ukapita ulendo nkubwerako upeza cakupitirira msinkhu. Pa nyimbo ina imene inali kundibvuta ndinayamba ndi 9,310,000. Mawa lace ndinatsika, mkuja ndinakwera, kenaka ndinatsikanso, kotero kuti poyang'ana masiku awiri okha munthu akanati ndikungozungulira pamodzimodzi. Koma patatha masabata atatu, ngakhale tsiku langa loipa linali kuposa tsiku langa labwino la poyamba. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono nkudekha. Caciwiri, ndinaona kuti ndikapitirira nyimbo zisanu ndi imodzi pa nthawi imodzi, ma Far amayamba kucuruka cifukwa zala ndi maso zatopa. Cotero nyimbo ya cisanu ndi cimodzi ikatha ndimabweza foni kwa eni ace ndi kukagwira zina, podziwa kuti kuumirira sikuonjeza kanthu.

Koma phindu lalikulu la kaundula ameneyu ndinaliona pa msuwani wanga, amene anadzakhala nafe pa chuthi ca caka catha. Iye ndi mnyamata wokonda nyimbo, ndipo amaimba kwaya ku sukulu kwao. Atasewera nane masiku angapo anayamba kugwa ulesi, pakuti malikisi ace anali kubwerera m'mbuyo. Tsiku lina anati, "Msuwani, ine ndaleka. Makinawa andiululira kuti ndiribe khutu la nyimbo. Kapena ndi kwaya komwe ndimangosokoneza anzanga." Mau amenewa anandimvetsa cisoni, cifukwa anali pafupi kutaya cinthu ceniceni kaamba ka masewera a pa foni. Ndinamuyankha kuti, "Taima kaye iwe, tiyambe tafunsa mboni."

Popeza malikisi ace ndinali kuwalembanso, tinawayala onse m'ndandanda. Tinapeza cinthu codabwitsa. Masiku ena ma Far ace anali ocepa ngati anga, koma masiku ena anali kucuruka katatu, ndipo pa masiku oipawo ndinali nditalemba pansi kuti "anabvala mahedifoni ace". Mahedifoni acewo anali opanda cingwe, olumikizika ndi Bluetooth. Acimwene anatifotokozera kuti mau asanafike m'khutu kudzera njira imeneyi amayamba asandulizidwa m'foni, natumizidwa, nasandulizidwanso m'kati mwa mahedifoni, ndipo ulendo umenewu kawirikawiri umatha nthawi yoposa gawo limodzi la magawo 10 a sekondi. Pamene kuti upate Pure m'masewera a Arcaea suyenera kucedwa koposa gawo limodzi la magawo 20 a sekondi. Tinakumbukiranso kuti pa masiku amenewo makina anali kumuonetsa mau akuti Late pafupipafupi. Mwaona nanga? Msuwani wanga anali kutsata nyimbo mokhulupirika ndithu, koma nyimboyo ndiyo inali kumfika mocedwa. Wakhutu labwino ndiye anali kulangidwa koposa! Atabvala mahedifoni a cingwe malikisi ace anabwerera m'malo mwace tsiku lomwelo. Tinapezanso kuti m'masewerawa muli malo ochedwa offset, okonzera kucedwa kotere. Lero akuimbabe kwaya, ndipo ndamva kuti ndiye amayambitsa nyimbo.

Ndisakunamizeni kuti kaundula alibe zoopsya zace. Nambala ndi wanchito wabwino, koma ikasanduka mfumu imalamulira mwankhanza. Alipo ena amene amaona pa intaneti malikisi a akatswiri a ku maiko ena, anthu osaphonya ngakhale kadontho kamodzi, ndipo amadziyesa acabecabe. Aiwala kuti liwiro la mumcenga nkuyambira limodzi, ndipo iwo aja anayamba kale. Woyenera kupikisana naye ndi mmodzi yekha, ndiye iwe mwini wa sabata yatha. Alipo enanso amene amalemba masiku abwino okha, nasiya oipa kuti mzere wao uoneke wokongola. Otere akupusitsa yani? Msuwani wanga anapulumuka cifukwa ca masiku oipa amene analembedwa. Ndiponso tisaiwale kuti nyimbo inapangidwira kukondweretsa mtima. Oomba ng'oma kwathu sapatsidwa malikisi ndi munthu, koma akaomba bwino bwalo lonse limadziwa. Cifukwa cace pamakhala masiku ena amene ndimasewera nyimbo yokoma kungoti ndiimve, ndipo pa malo a mau ndimalemba kuti "lero kunali kucezera".

Tsono ndibwerere kwa inu amene mulibe nazo nchito za masewera. Kodi mapepala a mayeso a mwezi ndi mwezi mumawacita ciani aphunzitsi akakubwezerani? Ambiri a ife timayang'ana nambala ya pamwamba, tikondwe kapena tikwiye, nkulipinda pepalalo kuliponya pansi pa sutukesi. Pakutha pa caka wina amangoti, "Ine samu siinandiyanje," osadziwa ngati cimene cimamgwetsa ndi samu yonse, kapena mutu umodzi wokha, kapena kukhala ku mpando wa kumbuyo kumene bolodi silioneka bwino. Ciweruzo cotere ncopanda mboni, monga cija anadziweruza msuwani wanga.

Kuno kulibe foni, koma kope la masamba ocepa likwanira. Lembani tsiku, phunziro, malikisi, mafunso amene munaphonya, ndi mau awiri atatu onena m'mene zinthu zinaliri tsikulo. Lembani abwino ndi oipa omwe, osabisa. Pakutha pa teremu muwerenge zonse pamodzi, ndipo mudzamva zimene mtima wanu sukanakuuzani. Kapena zina zidzakuwawani, koma wakutsina khutu ndi mnansi. Musadziweruze kuti simutha kanthu musanafunse mboni yosaiwala.

Wa Fomu 3