Msoko Ubisike pa Chithunzi, Koma Usabisike Pakamwa



Sabata ino tafuna kuti tilingalire limodzi za ntchito imene ambiri amaiyesa masewera chabe, ntchito yolumikiza zithunzi pa kompyuta ndi kuzichititsa kuti zizigwedezeka ngati zamoyo. Ena mwa ife timachita nawo kampikisano ka sabata ndi sabata. Lolemba pamaperekedwa mutu, monga wakuti "nyama zikanalembedwa ntchito", ndipo aliyense amayenera kupereka chithunzi chake dzuwa la Loweruka lisanalowe. Mulibe ndalama, mulibe chikho. Wopambana amangolandira ulemu wosankha mutu wa sabata yotsatira. Komabe masewerawa atifikitsa pa funso lolemera ndithu: kodi chithunzi chopeka chimasiya liti kukhala nthabwala n'kusanduka bodza?

Tiyambe ndi ntchito yeniyeniyo. Wolumikiza zithunzi ali ngati telala woika chigamba. Amadula mbuzi pa chithunzi china, n'kukaikhazika pa chishalo cha njinga ya kabaza pa chithunzi chinanso, ndipo luso lake lonse lili pa kubisa msoko. Ambiri amagwiritsa ntchito pulogalamu ya Photoshop, imene inapangidwa ndi anthu awiri apachibale, Thomas ndi John Knoll, ndipo inayamba kugulitsidwa ndi dzinali m'chaka cha 1990. Ife a matumba obooka timadalira GIMP, imene inatuluka m'chaka cha 1996 ndipo ndi yaulere. M'mapulogalamu onse awiriwa chidutswa chilichonse chimakhala pa layer yakeyake, ngati magalasi oonekera osanjikizana: msewu pansi, njinga pamwamba pake, mbuzi pamwamba pa zonse. Munthu angathe kusuntha galasi limodzi osakhudza enawo.

Pali zinthu zinayi zimene zimaulula wosoka wosasamala. Choyamba ndi m'mphepete. Ubweya wa mbuzi ndi tsitsi la munthu sizidulika ndi mzere wowongoka, ndipo ukazidula mothamanga chinthucho chimaoneka ngati chomata ndi phala. Chachiwiri ndi kuwala. Ngati dzuwa likuwomba njinga kuchokera kumanzere pamene mbuzi inajambulidwa dzuwa lili kumanja, diso limakana, ngakhale mwini diso sangafotokoze chimene chalakwika. Chachitatu ndi chithunzithunzi. Chinthu chopanda chithunzithunzi chimaoneka ngati chikulendewera m'malere, ndipo chithunzithunzi choona chimada kwambiri pamene phazi lakhudza nthaka, n'kumazimirira chikamatalikira. Chachinayi ndi mtundu. Kuwala kwa dzuwa likamalowa n'kofiirira, kwa tsiku la mitambo n'kotuwa, ndipo zithunzi ziwiri zojambulidwa nthawi zosiyana sizigwirizana pokhapokha utazifananitsa mtundu.

Chodabwitsa n'chakuti ntchito imeneyi yasintha kaonedwe kathu ngakhale tili kutali ndi kompyuta. Tikamayenda mumsewu timazindikira mbali imene zithunzithunzi za mitengo zagwera. Timaona kuti khoma lopaka laimu limabwezera kuwala pa nkhope ya munthu woima pafupi nalo. Zonsezi zinalipo kuyambira kale, koma tinkazidutsa osaziona. Kuti munthu apeke bwino dziko losakhalako, ayenera kuyamba wayang'anitsitsa dziko lilipoli.

Zithunzi zogwedezeka zimafuna kudekha koposa. M'chaka cha 1878, ku Palo Alto m'dera la California, Eadweard Muybridge anandandalika makamera m'mbali mwa njira n'kujambula hatchi ikuthamanga, chithunzi chimodzi pambuyo pa chinzake. Anaonetsa kuti pali kamphindi pamene miyendo yonse inayi ya hatchi imakhala m'mwamba, chinthu chimene diso palokha silingathe kugwira. Mfundo yake ndi imene tikugwiritsabe ntchito: zithunzi zoima, zikamasinthana mofulumira, ubongo umaziona ngati zikuyenda. Kanema wa m'nyumba zoonetsera mafilimu amasinthanitsa zithunzi 24 pa sekondi imodzi. Ife timakhutira ndi 12, komabe zimenezi zikutanthauza kuti mbuzi yathu ikapalasa njinga kwa masekondi atatu okha, tiyenera kukonza zithunzi 36, chilichonse mwendo utasunthidwa pang'ono. Kawirikawiri timazisunga monga GIF, mtundu wa fayilo umene kampani ya CompuServe inatulutsa m'chaka cha 1987, umene umalola mitundu 256 yokha pa chithunzi chimodzi. Popeza kakanemako kamabwerezabwereza, chithunzi chomaliza chiyenera kukumana bwino ndi choyamba, apo ayi mbuzi imadzidzimuka nthawi iliyonse pamene kayambiranso. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo amene wakonzapo zithunzi 36 za mwendo umodzi amaumvetsa mwambiwu.

Nanga n'chifukwa chiyani timadzipatsa malire a sabata imodzi? Chifukwa chithunzi chopanda tsiku loperekera sichitha. Nthawi zonse pamatsala kakang'ono koti ukonze. Loweruka limatikakamiza kutula ntchito pamaso pa anzathu monga ilili. Mutu wosankhidwa ndi munthu wina umatichotsanso pa zimene tinazolowera: wokonda kujambula magalimoto amapezeka akulimbana ndi nthenga za nkhanga. Ndipo anzathu akatiuza kuti chithunzithunzi chagwera mbali yolakwika, timaphunzira kulandira chidzudzulo popanda kutupa mtima.

Tisaganize kuti luso limeneli linabwera ndi kompyuta. M'chaka cha 1857, Oscar Rejlander, wojambula wochokera ku Sweden amene ankakhala ku England, anaonetsa ku Manchester chithunzi chachikulu chotchedwa The Two Ways of Life. Anachilumikiza kuchokera ku zithunzi zoposa 30, ndipo ntchitoyo inamutengera pafupifupi masabata asanu ndi limodzi. Mfumukazi Victoria inagula chimodzi. Anthu ambiri oonekamo sanaimepo pamodzi m'chipinda chimodzi, koma Rejlander sanabise zimenezi. Anafotokoza poyera m'mene anachitira, ndipo oonera ankadziwa kuti akuona fanizo.

Lumo lomwelo likagwera m'manja ena limachita zina. Ku Soviet Union kunali chithunzi cha Joseph Stalin akuyenda m'mbali mwa ngalande ya madzi pamodzi ndi Nikolai Yezhov, mkulu wa apolisi achinsinsi. Yezhov ataphedwa m'chaka cha 1940, anafufutidwa pa chithunzicho, pamalo pake n'kuikapo madzi, ngati kuti munthuyo sanakhaleko. M'mwezi wa February 1982, magazini ya National Geographic inayandikizitsa mapiramidi a ku Giza kuti akwane pa chikuto, ndipo zitadziwika anthu anayamba kufunsa kuti ndi zithunzi zingati zina zimene zinasinthidwa. M'chaka cha 2003, nyuzipepala ya Los Angeles Times inachotsa ntchito wojambula wake amene analumikiza zithunzi ziwiri za msilikali wa ku Britain ndi anthu wamba ku Iraq kuti patuluke chimodzi chogwira mtima kwambiri. Chinamuulula n'chakuti anthu ena akumbuyo ankaoneka kawiri. Taonani kuti pa nkhani ziwiri zomalizazi zinthu zonse zojambulidwa zinali zenizeni: mapiramidi alipo, msilikali analipo. Bodza linali pa kungokhala chete, kulola woona kukhulupirira kuti kamera inaona zinthu monga momwe zikuonekeramo.

Masiku ano sipafunikanso masabata asanu ndi limodzi. M'mwezi wa March 2023 dziko lonse linaona chithunzi cha Papa Francis atavala jekete loyera, lalitali ndi lofufuma, longa la anyamata a m'tauni. Chinapangidwa ndi pulogalamu ya Midjourney, imene imapeka chithunzi kuchokera ku mawu olembedwa, ndipo anthu ochuluka anachikhulupirira. Amene anazolowera kufufuza misoko anaona msanga kuti dzanja silikugwira bwino chimene lanyamula, ndiponso kuti unyolo wa mtanda wa pachifuwa sukulendewera monga unyolo weniweni. Mu uthenga wake wa m'chaka cha 2024 wa tsiku loganizira zofalitsa nkhani, Papayo anachenjeza za zithunzi ndi mawu opeka ooneka ngati enieni, ndipo anatchula kuti zinamuchitikirapo iye mwini. Chithunzi cha jekete sichinavulaze munthu. Koma mtsikana wa sukulu amene nkhope yake yaikidwa pa thupi la munthu wina, kapena bambo amene waikidwa pa malo amene sanafikepo, alibe atolankhani omuyeretsera dzina. Chithunzi chimafika m'mafoni 100 pa ola limodzi, pamene mawu otsutsa amayenda wapansi, ndipo nthawi zina safika n'komwe.

N'chifukwa chake m'kampikisano kathu tinagwirizana mfundo zitatu. Yoyamba: nkhope ya munthu si yathu. Sitiika mnzathu, mphunzitsi kapena wina aliyense pa chithunzi chopeka tisanamupemphe, ndipo akakana nkhani yathera pomwepo, ngakhale nthabwalayo ikhale yokoma motani. Yachiwiri: chithunzi chilichonse chimalembedwa pakona mawu akuti "chopeka". Mawuwa timawalemba pa chithunzi penipenipo, chifukwa chithunzi chikatumizidwa pa WhatsApp chingathe kusiya kumbuyo zimene zinafotokozedwa pambali pake, ndipo wochilandira wachisanu sadziwa kuti chinali cha mpikisano. Yachitatu: timasunga zithunzi zoyambirira ndi kutchula amene anazijambula, kuti wofunsa aonetsedwe kumene chidutswa chilichonse chinachokera.

Wina angafunse kuti: ngati mwatha maola ambiri kubisa msoko, bwanji mukuulula nokha kuti msokowo ulipo? Yankho lathu n'lakuti chisangalalo chonse cha masewerawa chili pomwepo. Woonera amene akudziwa kuti mbuzi sipalasa njinga, koma akulephera kupeza pamene tinadula, amaseka nafe ndipo amalemekeza ntchito yathu. Woonera amene sakudziwa kuti pali chopeka tamubera ufulu wake woweruza yekha. Woyambayo tasewera naye, wachiwiriyo tamusewera.

Luso limeneli likutipatsanso udindo pakati pa abale athu. Amayi athu ndi agogo athu anakula pa nthawi imene chithunzi chinali umboni, ndipo akaona chinthu pa foni sachedwa kukhulupirira. Ife amene tikudziwa m'mene chithunzithunzi chimagwera tingathe kukhala nawo pansi, kukulitsa chithunzicho ndi zala, n'kuwaonetsa modekha pamene pakukayikitsa: zala zochuluka, zilembo zopotoka, kuwala kochokera mbali ziwiri. Mapulogalamu akuchenjera chaka ndi chaka ndipo zizindikiro zoterezi zikuchepa, kotero funso lodalirika koposa likadali lakale lija: chachokera kwa yani, ndipo ndani winanso waziona?

Tsono sabata ino, kaya ndife osoka zithunzi kaya ongolandira, tiyeni tiyese chinthu chimodzi. Tisanatumize chithunzi chilichonse kwa munthu wina, tiime kaye ndi kudzifunsa mafunso awiri. Kodi amene adzachione adzadziwa ngati ndi chenicheni kapena chopeka? Nanga munthu amene ali pa chithunzicho, akanakhala pambali pathu, tikanachitumizabe?