Waya wakuda wa wailesi ya m'galimoto

Magalimoto ambiri ochokera ku Japan amabwera ndi wailesi yoyambira pa 76 MHz n'kulekera pa 90, choncho mawailesi ambiri a kuno samveka. Mwini galimoto amathamangira kukaikitsa ina, maso ali pa masipika ndi ampulifaya. Waya wakuda uja, amene amakaniko amati wa ethi, amangomukoleka pa kasikuluwu kalikonse kapafupi, ntchito yatha.

Ndaona kuti mavuto ambiri a wailesi amayambira pomwepa. Magetsi onse ochoka ku batire ya mavoti 12 amayenera kubwerera komweko, ndipo amabwerera kudzera m'chitsulo cha galimoto, chifukwa nachonso n'cholumikizidwa ku negativu. Waya wakuda akagwira penti kapena dzimbiri, magetsiwo amadzipezera pena podutsa, monga madzi a mvula akapeza ngalande itatsekeka. Amalowa m'waya wa eriyo kapena m'timawaya ta RCA, tomwe sitinapangidwire katundu wotere, mpaka mkati mwa wailesi n'kupsa. Zisanafike apo, galimoto imakhala itachenjeza kale: kamluzu kochokera ku alternator kamene kamakwera mukaponda mafuta, ampulifaya yozimazima nyimbo zikagunda. Apa ambiri amanamizira wailesi kuti ndi yachinyengo, n'kukagula ina yomwe ikalirenso chimodzimodzi.

Chonsecho ntchito yake ndi yochepa. Muyambe mwachotsa waya wa negativu pa batire. Pamalo pomangapo mupale ndi sandipepa mpaka chitsulo chiwale, waya akhale ndi kamphete kumapeto, bawuti imangidwe zolimba, kenako mupake girisi poopa dzimbiri la m'dzinja. Waya wakuda wa ampulifaya akhale wonenepa mofanana ndi wobweretsa magetsi, ndipo asatalike kupitirira masentimita 45. Bawuti ya lamba wa pampando ndi yokopa chifukwa ili poyera, koma ntchito yake ndi kusunga moyo wa munthu, musaigwire. Ngati n'koboola, muyambe mwasuzumira kunsi, chifukwa thanki ya mafuta ndi mapaipi a mabuleki zimadutsa momwemo.

Fyuzi ya pafupi ndi batire imateteza waya wa magetsi akakhudza chitsulo, koma ethi yofooka siyiona n'komwe. Ndiye makaniko akamaliza, musanalipire, muwapemphe akuonetseni pamene amangirira waya wakudayo, kenako mulize injini mumvetsere.