Nthula Yacilendo ku Kuti

Sabata yatha tinali ku Kuti, malo osungirako nyama pafupi ndi boma la Salima. Anzathu anali kupenya mbidzi, koma ife maso anali pa citsamba caminga m'mbali mwa njira. Wina anati ndi nthula. Iai, ndi mbale wace wocokera ku America, dzina la m'mabuku Solanum torvum.

Penyani maluwa. A nthula yathu mtundu wace ngonga wa maluwa a jakaranda. A mlendoyu ngoyera, pakati pace pacikasu, ndipo zipatso zace nzazing'ono ngati nandolo, zambiri pa tsango limodzi. Amatalika kupambana munthu.

Mbalame ndizo zimafesa njere zace. Mukampeza podyetsera ng'ombe mzuleni asanabale, cifukwa akacuruka ziweto zimasowa podzera.