Wotchi Yoyeza Mtunda ndi Chisanu cha mu Juni

Amayi anzanga amene mumawerenga tsamba lino sabata ndi sabata, lero ndabwera ndi nkhani imene ena mwa inu muiona ngati yachilendo. Tinazolowera kukambirana za kaphikidwe, za kulera ana ndi za kasungidwe ka ndalama m'magulu mwathu. Koma ine ndifuna ndikuuzeni za wotchi, ndiponso za mwana wamkazi amene amadzuka kukathamanga m'nyengo ino ya chisanu, pamene ambiri a ife tikali kulimbirana bulangete ndi abambo a kunyumba.

Mwanayo ndi wa malemu mng'ono wanga. Ndinamutenga ali ndi zaka 6, ndipo tsopano ali ndi zaka 17. Kwathu ndi cha ku Namitete, pang'ono kupatuka pa msewu waukulu wochokera ku Lilongwe kunka ku Mchinji. Chiyambire ali wamng'ono mwanayu ali ndi liwiro, kotero kuti ukamutuma mchere kumsika ankabwerako madzi a nsima asanawire.

M'chaka cha 2023 aphunzitsi ake anamulembetsa pa mpikisano wina wa makilomita 10 mumzinda wa Lilongwe. Pokonzekera iye ankathamanga kuchoka pakhomo kukafika pa kamlatho kena ka kudambo ndi kubwerera, pakuti tonse tinamutsimikizira kuti mtunda umenewo ndi makilomita 10, mwinanso kuposa. Tsiku la mpikisano anayamba bwino ndithu, ali m'gulu la kutsogolo. Atangopitirira theka miyendo inamuthera, ndipo anatsiriza akuyenda, misozi ili chuchuchu. Pambuyo pake tinadzazindikira kuti njira yathu ya kudambo ija inali makilomita 6 okha ndi kachidutswa. Mudziwa inu mmene ife a kumudzi timayezera mtunda. Timayeza ndi pakamwa. Mlendo akafunsa njira timati ndi pompano, iye n'kuyenda mpaka dzuwa kupendeka. Tinamunamiza mwana ife eni ake, mosadziwa.

Aphunzitsi aja ndiwo anatchula za wotchi yoyeza mtunda, imene amaitcha ya GPS. Kunena zoona, woyamba kukana ndinali ine. Ndinati ndalama ya feteleza ikusowa, tsono ndikagule chokongoletsa pamkono? Koma mwana atakhala sabata zitatu osaseka, ndinaitengera nkhaniyi ku gulu lathu la banki mkhonde, limene ndimaliyang'anira. Tilipo amayi 22 ndipo timakumana Lachinayi lililonse.

Mtsutso unali waukulu. Msungichuma wathu ananena mosabisa kuti thumba la zadzidzidzi ndi la matenda ndi maliro, ndipo anali kunena zoona. Agogo ena a m'gulumo anati mwana wamkazi akamathamanga chotere sadzaona mphatso ya ana. Mawu amenewa ndinawamvanso kwa anthu ena ambiri, choncho ndiwayankhe pano. Ku Kenya kuli mayi wotchedwa Faith Kipyegon, amene anabereka mwana mu 2018, ndipo pambuyo pake anapambana mendulo ya golide ku masewero a Olimpiki mu 2021 ndi mu 2024, pa mtunda wa mamita 1,500. Kuno kwathu tinali naye Catherine Chikwakwa, amene anaimira Malawi ku Olimpiki mu 2000 ndi mu 2004, ndipo lero tikumva dzina la Asimenye Simwaka. Amenewa ndi ana a amayi ngati ife tomwe. Potsiriza tinapangana kuti thumba lisakhudzidwe, koma mayi aliyense wofuna asonkhe mbale ya mtedza, tigulitse.

Apa ndi pamene ndinalakwa, ndipo ndikuuzani poyera kuti inu musagwe m'mbuna yomweyo. Ndinakwera minibasi ndekha, osafunsa munthu, ndi kukagula wotchi kwa wogulitsa wina wa m'mbali mwa msewu mumzinda. Inali yokongola, ya galasi lowala, yoonetsa kamtima kofiira kakugunda. Mnyamatayo analumbira kuti GPS ilimo. M'mawa mwake ndinaivala ine ndemwe pofuna kuiyesa, ndi kuyamba kukonola chimanga pamtondo. Pomaliza mphale ndinayang'ana pamkono, ndipo wotchi inati ndayenda makilomita atatu, chonsecho phazi langa silinachoke pa mtondo. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Wotchi imeneyo inkangowerenga kugwedezeka kwa mkono ndi kuyerekeza kuti ndi mapazi. Mtedza wa amayi anzanga unapita chomwecho, ndipo Lachinayi lotsatira ndinaima pamaso pawo ndi kupepesa. Theka la ndalamazo ndinabweza nditagulitsa nkhuku zanga.

Manyazi amenewo ndiwo anandiphunzitsa kufunsa. Aphunzitsi a sayansi a pa sekondale ya mwanayu anakhala nafe pansi ndi kutifotokozera. Kumwamba, pa mtunda wa makilomita ngati 20,000, kumazungulira makina otchedwa masetilaiti, oposa 24, amene anaikidwa ndi boma la America. Aliwonse amatumiza uthenga wonena nthawi ndi pamene ali. Wotchi yeniyeni ya GPS imamva uthenga wa makina anayi kapena kuposerapo, ndipo mwa kutero imadziwa malo amene munthu waima. Munthu akamasuntha, iyo imalemba malo atsopano kamphindi ndi kamphindi, ndi kuphatikiza zonse kukhala mtunda. Siifuna mayunitsi, siifuna netiweki ya foni, ndipo palibe amene amalipira kanthu. Chimene imafuna ndi thambo loonekera. M'nyumba ya malata kapena pansi pa mitengo yowirira imasokonezeka.

Tsono inu amene mwana wanu angakupempheni chinthu chotere, chiyeseni musanapereke ndalama. Tulukani nacho panja, foni muisiye kutali kapena muizimitse, ndipo mudikire wotchiyo ifunefune masetilaiti aja. Yeniyeni imachedwa pang'ono, nthawi zina mphindi imodzi kapena ziwiri, kenaka imaonetsa kuti yawapeza. Imani pamalo amodzi ndi kugwedeza mkono kwambiri. Mtunda ukayamba kukwera inu mutaima, bwezani. Ambiri a mawotchi otsika mtengo amadalira GPS ya mufoni, ndiye kuti mwana ayenera kuthamanga atanyamula foni yapamwamba, chinthu chimene ine sindingalole pa msewu wa mbandakucha.

Yachiwiri inachokera kwa alongo anga amene amagwira ntchito ku Johannesburg. Iwo ndiwo eni mbumba, ndipo atamva za manyazi anga anati nkhani ya mwana wa mlongo wawo siingathere pamenepo. Anatchula maina a makampani odziwika, Garmin, Polar, Suunto ndi Coros, nafunsa kuti tifuna yotani. Ine maina amenewa sanandithandize kanthu. Ndinawauza zinthu za kumudzi kuno. Poyamba batire, chifukwa kwathu kulibe magetsi ndipo timatchaja pa sola ya mnzathu wina, pamene GPS imadya moto kwambiri kuposa kungoonetsa nthawi. Kachiwiri chingwe chotchajira, chifukwa mawotchi amenewa ali ndi zingwe zawozawo, zosiyana ndi za mafoni, ndipo chikatayika simungachipeze pa Namitete kapena pa Msundwe. Ndinawapempha atumize ziwiri. Ndinatinso ikhale ya mabatani, osati yotsetsereza chala pagalasi, popeza mu Juni mwanayu amavala masokosi m'manja chifukwa cha kuzizira, ndipo galasi silimva chala chovala sokosi. Anatumiza ya Garmin yogwiritsidwapo kale ntchito, yokalikakalika m'mbali, yopanda nyimbo kapena mapu. Inafika mu Meyi 2024, tikukumba mtedza.

Kupeza wotchi kunali kwapafupi poyerekeza ndi chimene chinatsatira. Kuno ku chigawo chapakati chisanu cha Juni ndi Julayi si chamasewera. Usiku kumatha kuzizira kufika pansi pa madigiri 10, nkhungu imagona m'madambo, mame amanyowetsa mpaka m'maondo, ndipo mwera ukayamba kuomba umalowa m'mafupa. Dzuwa limatuluka cha m'ma 6 koloko ndi kulowa msanga. Mwana wa sukulu, amenenso ali ndi ntchito za pakhomo, alibe nthawi ina yothamangira koma kusanache kwenikweni. Nanga ndani mwa inu angagone tulo mwana wake wamkazi ali yekha pa msewu nthawi imeneyo? Kuli agalu, kuli oledzera ochokera kumowa, kuli njinga zamoto zopanda nyali. Ndiponso ino ndi nyengo ya magule, ndipo pali njira zina zodutsa kufupi ndi kumanda zimene mwana wamkazi sayenera kupitamo chisawawa. Mwambo umenewu timaulemekeza, choncho njira zimenezo tinazichotsamo.

Nzeru inachokera kwa agogo omwe aja amene ankatsutsa. Iwo anati, kodi nthawi imeneyo amayi sakhala ali kale pa mjigo? Tsono tinatenga wotchi masana ena, ine ndi mwanayo pa njinga, ndi kuyeza njira yodutsa pa mijigo inayi ya midzi yoyandikana. Inakwana makilomita asanu, osapitirira osaperewera kwenikweni. Pa mjigo uliwonse pali mayi wa m'gulu lathu amene amadziwa nthawi imene mwanayo ayenera kudutsa. Akachedwa, foni imalira kwa ine. Tsiku la mtunda wautali, limene ndi Loweruka, mmodzi wa ife amamutsatira pa njinga, mosinthana.

Za kavalidwe ndi kadyedwe ndinena mwachidule. Amatuluka atavala juzi la pa kaunjika pamwamba pa malaya opepuka, ndi chipewa chobisa makutu. Sayamba ndi liwiro. Amayenda mofulumira ndi kuthamanga pang'onopang'ono kwa mphindi 10 kufikira thupi litafunda, chifukwa mnofu wozizira suchedwa kuvulala. Juzi amalisiya pa mjigo woyamba ndipo amayi a pamenepo amalibweretsa pobwera ndi ndowa. Akafika kunyumba amavula zonyowa nthawi yomweyo, asanakhale pansi, ndi kumwa madzi ngakhale alibe ludzu, pakuti chisanu chimabisa ludzu. Ndimamusungira phala la mgaiwa lothira nsinjiro, kapena mbatata ndi tiyi. Kumapazi ndi pamilomo amadzola mafuta usiku, kuopa zikang'a ndi kung'ambika kumene fumbi ndi mphepo ya nyengo ino zimabweretsa. Tsiku limene anyamata atentha tchire posaka mbewa ndipo utsi wadzaza dambo, amatembenukira njira ina. Akakhala ndi chifuwa kapena thupi litatentha, sapita konse, ndipo pamenepa sindimva zodandaula.

Chodabwitsa chimene wotchi inatiululira ndi chakuti mwanayu ankathamanga mothamangitsa tsiku lililonse, ngati akupikisana ndi munthu. Aphunzitsi ake anati masiku ambiri ayenera kuthamanga mwa liwiro loti angathe kulankhula ndi mnzake, ndipo kulimbitsa kukhale kawiri kokha pa sabata, mtunda uzionjezedwa pang'onopang'ono. Kwa iye zimenezi zinali zowawa kuposa chisanu. Ankabwera atakwiya, akuti wotchi ikumuchedwetsa. Ndinamuuza kuti tsokonombwe anatha mtunda ndi kudumpha, iye n'kundiyang'ana cham'mbali monga achitira ana a masiku ano. Tinaonanso kuti m'mawa wozizira kwambiri kanyali kobiriwira ka kunsi kwa wotchi, kamene kamawerenga kugunda kwa mtima, kamanena zosamveka pa mphindi zoyamba. Akuti kukazizira magazi amachepa pakhungu la pamkono. Tsono manambala a mtima sitiwasamala kwambiri kufikira thupi litafunda. Timakhulupirira mtunda ndi nthawi.

Anthu olankhula sanasowe. Ena anati ndikulera mwana ngati mnyamata, ena anadandaula ndi thalauza lothina limene amavala. Ine ndinakula m'nthawi imene lamulo la 1973 linkaletsa amayi kuvala thalauza, lamulo limene linatha pamene dziko linkalowa m'ndale za zipani zambiri, choncho maso a anthu akuluakulu ndimawamvetsa. Tinagwirizana kuti pamwamba pa thalauzalo azivala kasiketi kopepuka, ndipo akangomaliza amange chitenje. Afumu atamva kuti amayi 22 ali pambuyo pake, nkhani inazizira yokha.

Masiku amene mwanayu akupuma, wotchi imayendayenda m'gulu. Mayi wina anaivala kuyambira m'mawa mpaka batire litatsala pang'ono kutha, ndipo anapeza kuti pakati pa mjigo, dimba, nkhuni ndi chigayo anayenda makilomita 11. Anakawaonetsa amuna awo, amene amakonda kunena kuti akazi amangokhala pakhomo. Zimene anayankha bamboyo sindingalembe pa tsamba lino.

Mu Ogasiti 2024 mwana wathu anabwereranso kumzinda kukathamanga makilomita 10. Sanakhale woyamba, ngakhale wachitatu. Koma anathamanga kuchokera poyambira mpaka pothera osaima, ndipo pa makilomita awiri otsiriza anapitirira atsikana anayi amene anamusiya poyamba. Pobwera mu minibasi anagona tulo mutu uli pa phewa langa, wotchi ikali pamkono.

Chaka chino chisanu chayambanso. Lamba wa wotchi uja anaduka mu Epulo ndipo tinamulumikiza ndi mphira wa chubu cha njinga, kudikira kuti alongo anga atumize wina. Loweruka likudzali ndi tsiku langa lotsatira pa njinga, makilomita 14, ndipo tayala la kumbuyo likutuluka mpweya. Ndiyenera kukalimatitsa mawa ndikamachokera ku msonkhano wa gulu.