Kanyumba ka Motown kasanduka malo owonera zakale

Mu mzinda wa Detroit ku America, m'mbali mwa msewu wa West Grand Boulevard, muli kanyumba kopakidwa utoto woyera ndi wabuluu, kolembedwa kuti Hitsville U.S.A. Mlendo angakadutse osacheuka, komatu m'menemu ndi momwe Berry Gordy adayambitsira kampani ya nyimbo ya Motown mu 1959, atabwereka madola 800 kwa abale ake.

Ndidalowamo pamene ndidakacheza kwa mlongo wanga amene ndi namwino kumeneko. Adatitsitsira ku Studio A, chipinda chomwe kale chidali galaja. Ndidadabwa kuchepa kwake. M'kachipinda kameneka ndi momwe Marvin Gaye, Stevie Wonder, The Supremes ndi The Temptations ankajambulira nyimbo za R&B, oimba zida atathithikana, aliyense akumvera mnzake. Pansi pomwe ankakhala ojambula mawu padaperepeseka ndi mapazi otsatira kugunda kwa nyimbo. Tisanatuluke, alendo tonse tidaimbira limodzi "My Girl", ambiri mwa ife tili a imvi.

Motown idasamukira ku Los Angeles mu 1972, ndipo nyumbayi idasanduka malo owonera zakale mu 1985. R&B yokha idapitirirabe. Mu 1992 nyimbo ya Boyz II Men, "End of the Road", idakhala masabata 13 pamwamba pa ndandanda wa Billboard, ndipo ngakhale kwathu kuno inkalira m'mawailesi ndi m'maukwati. Mu 2004 Usher adali mfumu. Kenako makampani ndi mawailesi adatembenukira ku hip-hop ndi nyimbo zovinira zopangidwa pa kompyuta. Pofika 2010, Usher yemweyo adali atatsata mphepoyo.

Oimba aluso monga SZA alipo ndipo akugulitsa. Chomwe chasowa pamwamba pa ndandanda ndi gulu: anthu anayi kapena asanu olumikiza mawu monga adaphunzirira mu kwaya ya kutchalitchi. Lero wina amapanga chimkunda ku Atlanta, wina n'kuikapo mawu ali ku London, osaonana nkhope. N'kotchipa kusiyana ndi kulipira gulu lonse, koma khutu limadziwa kuti china chake chachoka.

Achinyamata athu oimba, musanyoze kwaya ndi bandi. Luso lomverana mawu silipezeka pa intaneti. Likatha, nafenso tidzatsala ndi zipinda zowonetsa alendo.